Zoyenera kuchita ngati mukuopa kusanza mukadzatsitsimuka ku opaleshoni

Achemwali anga, omwe athyola tiyi kwa zaka zambiri m'minda ya ku Thyolo, anakhala miyezi ingapo akuzemba tsiku la opaleshoni yochotsa zotupa za m'chiberekero, ngakhale kuti magazi ankawathera m'thupi mwezi ndi mwezi. Tonse pakhomo tinkayesa kuti akuopa mpeni, kapena akuopa zija amanena anthu zoti ena akagonekedwa sadzukanso. Zoona zake anandiuza tsiku lina tikusenda chinangwa pakhonde. Pa opaleshoni ina ya zaka za m'mbuyo anatsitsimuka akusanza, anasanza usiku wonse bala lili laliwisi, ndipo mimba ikadzikoka ankamva ngati ulusi ukuduka. "Mpeni sindiuona, ndimakhala ndili m'tulo," anatero, "koma kusanza kuja ndinali maso." Nkhaniyi anali asanauzepo aliyense wa kuchipatala, poganiza kuti ndi yochepa, yosayenera kutayitsa adokotala nthawi.

Ine ndiye ndinali gadiyani wawo pamene anavomera kupita, ndipo malangizo awa achokera pa zimene tinachita ndi zimene ndinaphunzira pofunsa. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti mankhwala oletsa kusanza amagwira bwino ntchito akaperekedwa munthu asanayambe kusanza, nthawi zambiri akadali mtulo m'thiyeta. Motero nthawi yoyankhula ndi opaleshoni isanachitike. Mukadikira kuti mudandaule mutatsitsimuka kale, thandizo mudzalandirabe, koma mwayi wabwino udzakhala utadutsa.

Yambani mwadziwa chimene chimachititsa

Mu ubongo muli malo amene amalondera magazi, ndipo akamva chinthu chachilendo amalamula mimba kuti ikhuthule zimene ili nazo, monga zimachitikira munthu akadya chakudya chowonongeka. Mankhwala ogonetsa, makamaka a mpweya amene munthu amapuma monga halothane ndi isoflurane, pamodzi ndi mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine, pethidine ndi tramadol, amadzidzimutsa malo amenewa. Mankhwala opha ululuwa amachedwetsanso matumbo ndipo amachititsa kuti m'kati mwa khutu, momwe mumathandiza munthu kuima osagwa, muzimva kugwedezeka kulikonse mopitirira muyeso. N'chifukwa chake odwala ambiri amayamba nseru pamene akukankhidwa pa machira kuchoka ku thiyeta kupita ku wodi, kapena pamene adzuka mofulumira pabedi.

Choncho kusanza si chizindikiro chakuti opaleshoni yalakwika, kapena kuti thupi lanu lakana mankhwala, kapena kuti wina kumudzi wakuchitani chipongwe. Pa odwala 10 alionse ogonekedwa, pafupifupi 3 amachita nseru kapena kusanza, ndipo kwa ambiri zimatha pasanathe maola 24.

Dziyeseni nokha muli kunyumba

Mu 1999 dokotala wina wa ku Germany, Christian Apfel, ndi anzake anasindikiza njira yosavuta yoyezera amene ali pachiopsezo, ataona odwala a ku Germany ndi ku Finland. Njirayi ikugwiritsidwabe ntchito m'maiko ambiri, ndipo ili ndi mafunso 4 okha. Kodi ndinu wamkazi? Kodi ndinu wosasuta fodya? Kodi munasanzapo mutachitidwa opaleshoni, kapena mumachita nseru mukakwera galimoto? Kodi mudzafunika mankhwala amphamvu opha ululu a mtundu wa morphine opaleshoni ikatha? Munthu amene wayankha kuti ayi pa mafunso onse, mwayi woti asanze ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse. Akavomera funso limodzi umafika pa 21, awiri pa 39, atatu pa 61, ndipo akavomera onse anayi umafika pa 79.

Achemwali anga anavomera onse anayi. Funso la galimoto anachita kuliseka, chifukwa aliyense pabanja pathu amadziwa kuti akakwera minibasi pa msewu wokhotakhota wa ku Makwasa ndi Thekerani, amanyamuliratu jumbo m'chikwama. Sankadziwa kuti jumbo ija ndi nkhani yofunika kwa dokotala wogonetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri sadziwa.

Funso la fodya lisakusokeretseni. N'zoona kuti osuta sasanza kawirikawiri akachitidwa opaleshoni, koma amavutika kwambiri ndi chifuwa, amatsokomola bala lili laliwisi, ndipo mabala awo amachedwa kupola. Ngati mumasuta, kaya wa m'sitolo, chingambwe kapena wa mphuno, siyani msanga momwe mungathere ndipo muwauze a chipatala. Palinso zina zimene zimaonjezera chiopsezo: kukhala ndi zaka zosakwana 50, opaleshoni yotenga nthawi yaitali, ndi opaleshoni ya ndulu, ya chiberekero, kapena yolowetsa kakamera m'mimba. Kwa ana, chiopsezo chimakwera kuyambira zaka 3, makamaka pa opaleshoni yowongola maso kapena ya pakhosi.

Nenani, ndipo nenani kawiri

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ogwira ntchito m'zipatala zathu amaona anthu ambiri patsiku, ndipo ngakhale wogonetsa wosamala kwambiri sangalote kuti munasanza usiku wonse zaka zapitazo ngati sizinalembedwe paliponse. Nenani koyamba tsiku limene akukupatsani deti la opaleshoni, ndipo pemphani kuti alembe m'kabuku kanu ka kuchipatala. Nenaninso kachiwiri kwa wogonetsa mwini wake, amene kawirikawiri amabwera ku wodi madzulo kapena m'mawa wa tsikulo kudzamvetsera chifuwa chanu, kukuyasamitsani ndi kukufunsani za matenda ena. Kaya muli ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena cha Mulanje, ku Malamulo, ku Mulanje Mission, kapena mwatumizidwa ku Queens mu Blantyre, munthu ameneyu ndi wosiyana ndi dokotala wong'amba. M'zipatala zambiri za m'maboma ntchitoyi amagwira ma clinical officer amene anachita maphunziro apadera a kagonetsedwe ka odwala. Iyeyu ndiye amasankha mankhwala amene mudzalandire, ndiye mwini nkhani yanu.

Musazungulire. Mawu amene tinagwirizana ndi achemwali anga anali awa: "Adokotala, pa opaleshoni yanga yoyamba ndinasanza usiku wonse, komanso ndimasanza m'galimoto. Ndikuopa kwambiri, moti ndinatsala pang'ono osabwera. Kodi pali mankhwala amene mungandipatsiretu ndisanadzuke?" Anayeserera mawuwa kangapo panjira, chifukwa anthu a msinkhu wawo akaona chovala choyera amangoti "chabwino adokotala" ngakhale pamene sizili bwino. Ngati mukudziwa kuti manyazi adzakugwirani, muuzeni gadiyani wanu kuti adzayankhule m'malo mwanu inu muli pomwepo.

Ndi bwino kudziwa zimene wogonetsa angachite, kuti mumve zimene akukuyankhani. Mankhwala odziwika ndi dexamethasone, amene amabayidwa m'diripi opaleshoni ikamayamba, ndi ondansetron, amene amaperekedwa ikamatha. Palinso metoclopramide ndi promethazine, amene ndi akale ndipo amapezeka m'zipatala zambiri. Kafukufuku wamkulu wa mu 2004, wa odwala oposa 5,000 a ku Ulaya, anapeza kuti mankhwala alionse mwa dexamethasone, ondansetron ndi droperidol amachepetsa chiopsezo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo akaphatikizidwa phindu lake limaonjezekera. Ndiye chifukwa chake munthu wa chiopsezo chachikulu amapatsidwa mitundu iwiri kapena itatu yosiyana, osati mtundu umodzi wochuluka. Kugonetsa ndi mankhwala a m'diripi otchedwa propofol m'malo mwa mpweya kumathandizanso. Si chipatala chilichonse chimene chimakhala ndi zonsezi tsiku lililonse, choncho musakakamire dzina la mankhwala ngati mukugula m'sitolo. Fotokozani vuto lanu, iwo asankhe mwa zimene ali nazo. Ngati muli ndi matenda a shuga nenani, chifukwa dexamethasone amakweza shuga m'magazi kwa kanthawi.

Funsaninso ngati opaleshoni yanu ingatheke ndi jakisoni wa pamsana, amene amachititsa dzanzi kuyambira pamimba mpaka kumapazi munthu ali maso. Umu ndi momwe amayi ambiri obereka mwa opaleshoni amathandizidwira, ndipo njirayi imagwiranso pa maopaleshoni ambiri a m'munsi mwa mchombo ndi a miyendo. Nayo nseru imabwera nthawi zina, makamaka magazi akayamba kuyenda mofooka jakisoniyo atangobayidwa, koma poti mumakhala maso mukhoza kunena nthawi yomweyo, ndipo wogonetsa amakonza ndi diripi ndi mankhwala m'mphindi zochepa. Akakuuzani kuti pa vuto lanu njirayi siyoyenera, vomerezani, pakuti pali maopaleshoni amene sangachitike munthu ali maso.

Pa kucheza komweko tulutsani zonse zimene mumamwa: ma ARV, mankhwala a BP, a shuga, a khunyu, a mphumu, ndiponso mankhwala azitsamba. Ambiri amabisa zitsamba poopa kukalipiridwa, koma zina mwa izo zimasokoneza kuundana kwa magazi kapena kugwira ntchito kwa mankhwala ogonetsa, ndipo madokotala ambiri amalangiza kuzisiya kutatsala milungu iwiri. Nenaninso za mowa, ndiponso ngati mukukayikira kuti muli ndi pakati. Funsani mosapita m'mbali kuti ndi mapilitsi ati amene mumwe m'mawa wa opaleshoni ndi kamadzi pang'ono, ndi ati amene mudikire. A shuga ndiwo ofunika kusamala kwambiri, chifukwa kuwamwa monga mwa masiku onse pamene simukudya kungagwetse shuga mpaka kukomoka.

Lamulo la kusadya

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa pali kusanza kuwiri kumene anthu amakusokoneza. Kusanza mutatsitsimuka n'kosautsa koma kawirikawiri sikoopsa, popeza mumatha kutsokomola ndi kulavula. Koopsa ndi kubwerera kwa za m'mimba munthu ali mtulo ta mankhwala, pamene pakhosi pamakhala posadziteteza, zakudya ndi madzi owawa a m'mimba n'kulowa m'mapapo. Dokotala wina wa ku New York, Curtis Mendelson, anafotokoza za ngoziyi mu 1946 ataona amayi obereka amene zinawachitikira, ndipo kuyambira nthawi imeneyo lamulo la kusadya lakhala lokhwima. Lamuloli si nkhanza ya anamwino, ndiponso cholinga chake chachikulu si kuletsa nseru ya pambuyo pake, koma kuteteza mapapo anu.

Muyezo umene maiko ambiri amatsata ndi wakuti chakudya chisiyidwe kutatsala maola 6, ndipo ngati chinali chamafuta kapena nyama yambiri, maola 8. Madzi akumwa okhaokha amaloledwa mpaka kutatsala maola 2. Mwana woyamwa amasiya bere kutatsala maola 4, koma ngati ndi mkaka wa m'chitini kapena wa ng'ombe, maola 6. Zipatala zambiri zimangonena kuti musadye kapena kumwa chilichonse ikakwana 12 koloko usiku, chifukwa ndandanda ya opaleshoni imasinthasintha. Tsatirani zimene mwauzidwa kumene mwagonekedwako, ndipo ngati mukufuna kumwa madzi m'mawa, funsani kaye.

Chimene chimasokoneza anthu kwathu kuno ndi tanthauzo la chakudya. Kwa ambiri, amene sanadye nsima sanadye. Koma kwa wogonetsa, phala ndi chakudya, thobwa ndi chakudya, maheu, tiyi wa mkaka, nthochi imodzi, chidutswa cha nanazi, zonsezi ndi chakudya. Pabedi loyandikana ndi lathu panali anganga ena odikirira mdzukulu wawo, amene atamva mwanayo akulira ndi njala m'bandakucha, anatulutsa fulasiki m'kati mwa chitenje namumwetsa phala, akunena kuti "ndi lamadzimadzi ili, si nsima ayi." Mwamwayi anavomera atafunsidwa, ndipo opaleshoni inasunthidwa. Anataya tsiku, koma mwana anatetezeka. Ngati zotere zakuchitikirani, nenani zoona ngakhale mukuopa kubwezedwa. Chimodzimodzinso pa opaleshoni yadzidzidzi, monga ya ngozi ya pamsewu kapena ya mayi amene wavutika pobereka: tchulani nthawi yeniyeni imene munadya komaliza ndi chimene munadya, chifukwa ogonetsa ali ndi njira yapadera yogonetsera munthu wokhuta, yolowetsa msanga chubu chotseka njira ya mpweya, koma ayenera kudziwiratu.

Ena amalakwitsa mbali inayo. Poopa kusanza amasiya kudya ndi kumwa tsiku lonse la dzulo lake, poganiza kuti mimba yopanda kanthu singasanze. Imasanza ndithu, ndipo kudzikoka kopanda chotuluka kumapweteka koposa. Thupi louma madzi limachita nseru msanga. Dzulo lake imwani madzi okwanira, ndipo madzulo idyani nsima yapakatikati ndi ndiwo zopanda mafuta ambiri, pokhapokha ngati akuuzani zina chifukwa cha mtundu wa opaleshoni yanu. Chipisi, kanyenya, ndi kudya mokhuta ngati mukutsanzika dziko, zisiyeni. Tsiku lenilenilo mukhoza kudikira mpaka masana chifukwa amayi obereka ndi ovulala amayamba ndiwo kulowa. Dzuwa likakwera musanaitanidwe, funsani anamwino ngati angakuikeni diripi kapena kukulolani madzi pang'ono, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November.

Potsitsimuka

Mukayamba kuzindikira, musathamangire kudzutsa mutu kapena kuyang'ana uku ndi uku. Gonani momwe akugonekerani, pumani pang'onopang'ono, mpweya ulowe m'mphuno n'kutuluka m'kamwa. Mukamva malovu akudzaza m'kamwa, thukuta lozizira pamphumi, kapena chizungulire, nenani pomwepo kuti "ndikumva nseru." Musadikire kuti musanze kaye ngati umboni. Ngati munapatsidwa kale mtundu umodzi wa mankhwala m'thiyeta, anamwino angakupatseni wa mtundu wina, popeza kubwereza womwewo pasanathe maola 6 sikuthandiza kwenikweni.

M'zipatala zambiri za m'maboma amagwiritsa ntchito mankhwala ogonetsa otchedwa ketamine, amene ubwino wake ndi wakuti safooketsa kwambiri kupuma ndi kuyenda kwa magazi. Ena potsitsimuka ku mankhwalawa amalota maloto achilendo, amabwebweta, amatuluka malovu ambiri, ndipo ena amachita nseru. Zimenezi zimatha zokha, ndipo zimachepa ngati wodwala wasiyidwa pamalo abata, osamugwedeza ndi kumuitana dzina mobwerezabwereza. Abale asaunjikane pabedi kufuna kutsimikiza kuti wadzuka.

Za ulusi, zimene zinkawaopsa kwambiri achemwali anga, tinafunsa. Bala la pamimba silisokedwa pakhungu pokha. M'kati muli mnofu wolimba umene umasokedwa ndi ulusi wamphamvu, ndipo kusanza kangapo sikuudula mwachisawawa. Chimene chimathandiza ndi kulichirikiza. Pindani chitenje choyera kanayi kapena tengani pilo wamng'ono, muike pamwamba pa bandeji, ndipo mukamva kuti zikubwera kanikizani ndi manja onse awiri mofatsa koma molimba. Chitani chomwecho potsokomola ndi poyetsemula. Kwa amene achitidwa opaleshoni ya diso, ya pakhosi kapena ya chithokomiro, kudzikoka mwamphamvu kungayambitse kutaya magazi, choncho iwowa ndiwo ayenera kupempha mankhwala msanga koposa.

Ntchito ya gadiyani

Gadiyani akonzeretu beseni laling'ono, nsalu ziwiri kapena zitatu, botolo la madzi oyera ndi kapu, ndipo zikhale pamwamba, osati pansi pa katundu. Wodwala amene akadali ndi tulo akayamba kusanza, mutembenuzireni chammbali nthawi yomweyo, nkhope iyang'ane pansi pang'ono kuti masanzi atuluke, ndipo itanani anamwino. Musamukhazike tsonga mwadzidzidzi, musamusiye chagada, ndipo musamumwetse madzi pofuna kutsitsa zimene zatsala pakhosi. Akatha, mupukuteni pakamwa, ndipo ngati wadzuka bwinobwino mupatseni madzi ochukucha m'kamwa n'kulavula. Musanataye masanziwo yang'anani mtundu wake, chifukwa anamwino adzafunsa.

Fungo ndi mdani wamkulu pa tsiku loyamba. Nthawi ya nkhomaliro wodi yonse imadzaza ndi fungo la usipa wokazinga, nyemba ndi nandolo zochokera kukhitchini ya magadiyani, ndipo ine ndinaphunzira kukadyera panja n'kusamba m'manja ndisanabwerere. Achemwali anga ankafuna khungu la ndimu pafupi ndi mphuno; silichiza kanthu, koma linkaphimba fungolo. Nsalu yonyowa pamphumi ndi kukupiza pang'ono zimapepuzanso. Pali njira inanso yopanda mtengo imene kafukufuku waonetsa kuti imathandiza ena: m'kati mwa dzanja, zala zitatu kuchokera pa mzere wa pamfundo kulowera ku chigongono, pakati pa mitsempha iwiri yolimba, kanikizani ndi chala chachikulu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Sankhani dzanja lopanda diripi.

Alendo obwera kudzazonda auzidwe mwaulemu kuti Fanta, mandasi ndi nkhuku zimene abweretsa zidikire. N'zovuta kuwabweza apongozi amene ayenda ulendo wautali ndi chakudya chawo, koma gadiyani ndiye ayenera kulimba mtima, chifukwa wodwala adzadya pochita manyazi.

Kuyambanso kumwa ndi kudya

Dikirani chilolezo. Pa maopaleshoni ambiri munthu amaloledwa kumwa patangopita maola ochepa, koma ngati matumbo agwiridwa kapena kusokedwa, adokotala amayamba amvetsera m'mimba ndi kufunsa ngati mwatulutsa mpweya. Funso limeneli lisakuchititseni manyazi, ndi chizindikiro chakuti matumbo adzuka. Mukaloledwa, yambani ndi madzi, kamodzi kokha pakamwa, mudikire mphindi zingapo, kenako mumwenso. Ludzu lidzakuuzani kuti mugugude kapu yonse, koma mimba yodzazidwa mwadzidzidzi ndiyo imabweza. Madzi akakhazikika, tsatizani tiyi wopanda mkaka, kenako phala lamadzimadzi, kenako nthochi yakupsa kapena buledi, ndipo nsima ibwere mukamva njala yeniyeni. Mukasanza, pumulani pafupifupi theka la ola musanayambirenso pa madzi.

Musakane mankhwala a ululu poopa nseru, chifukwa ululu waukulu nawo umachititsa nseru, ndiponso umakulepheretsani kupuma mokwanira ndi kuyenda. Chimene mungapemphe ndi chakuti akupatseni paracetamol pa nthawi yake, pamodzi ndi diclofenac kapena ibuprofen ngati ali oyenera kwa inu, kuti mankhwala amphamvu aja achepe. Awiri omalizawa si oyenera kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, kapena mphumu imene imadzuka ndi mankhwalawa. Tramadol akakhala kuti ndiye akukuchititsani nseru, nenani kuti asinthe. Mukasanza mutangomwa ma ARV kapena mankhwala ena a tsiku ndi tsiku, musabwereze nokha, funsani anamwino.

Podzuka koyamba chitani m'magawo. Tembenukirani chammbali, tsitsani miyendo, khalani m'mphepete mwa bedi kwa mphindi zingapo maso ali pa chinthu chimodzi chosayenda, kenako imani gadiyani atakugwirani. Kuyenda pang'ono m'wodi kumadzutsa matumbo.

Pamene kusanza sikulinso kwa mankhwala

Itanani anamwino mwamsanga, kapena bwererani kuchipatala ngati mwatuluka kale, mukaona izi. Papita maola 24 ndipo ngakhale madzi sakukhazikika. Masanzi ndi obiriwira, ali ndi magazi ofiira, kapena ndi akuda ngati khofi. Mimba ikutupa ndi kulimba, ikupweteka moonjezereka, ndipo mpweya sukutuluka. Thupi latentha, kapena mkodzo wachepa kwambiri ndi kuda. Bala likutuluka magazi kapena madzi ambiri ofiirira. Wodwala wayamba kubanika kapena kutsokomola kwambiri atasanza. Kwa mwana, onjezerani kulowa kwa maso ndi kufooka kosafuna ngakhale kuyamwa. Pambuyo pa opaleshoni ya pakhosi, m'mphuno kapena m'kamwa, kusanza kamodzi zakuda kumachitika chifukwa cha magazi amene anamezedwa, koma anamwino aone ndithu, ndipo magazi ofiira asachedwetsedwe ngakhale pang'ono.

Pali zina ziwiri zimene zimaopsa abale. Metoclopramide, makamaka kwa achinyamata ndi ana, nthawi zina amaumitsa khosi ndi nsagwada, maso n'kutembenukira m'mwamba, lilime n'kutuluka. Si khunyu ndiponso si ziwanda; ndi mankhwalawo, ndipo kuchipatala ali ndi jakisoni wothetsa zimenezi. Zikachitika pemphani kuti zilembedwe m'kabuku. China ndi mutu waukulu wobwera patatha tsiku limodzi kapena awiri chilandirireni jakisoni wa pamsana, umene umakula mukakhala tsonga n'kuchepa mukagona, nthawi zina limodzi ndi nseru. Umenewu uli ndi chithandizo chake, choncho nenani.

Ulendo wobwerera kunyumba

Kwa anthu a ku Thyolo ndi Mulanje gawo ili si laling'ono, chifukwa ambiri kwathu ndi kumapiri ndipo misewu yake ndi yokhota. Amene atuluka ku Queens ali ndi ulendo wa ku Limbe, Bvumbwe, Thyolo, Luchenza, ena mpaka ku Chitakale, Limbuli ndi Muloza, m'minibasi yodzaza ndi fungo la mafuta. Musanatuluke, funsani ngati angakupatseni mapilitsi oletsa kusanza a panjira ndi nthawi yoyenera kuwamwa. Promethazine amagonetsa, choncho musayende nokha. Idyani pang'ono musananyamuke, pemphani mpando wakutsogolo kapena wa pazenera, yang'anani kutali kutsogolo, foni ikhale m'thumba, ndipo chitenje chopinda chija chikhale pabala. Ngati kwanu kumafika kabaza wa njinga yamoto yekha, kambiranani ndi abale nthawi ikadalipo za galimoto yoti ikakusiyeni pafupi, chifukwa kudumpha m'mabampu ndi bala latsopano n'kovuta. Inuyo musayendetse galimoto kapena njinga pasanathe maola 24 chigonekedwereni. Kunyumba sungani paketi ya Thanzi ORS, imene imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, kuti muzimwa pang'onopang'ono ngati mwasanza kangapo.

Achemwali anga anapatsidwa mitundu iwiri ya mankhwala ali m'thiyeta. Sindinganame kuti nseru sinabwere: madzulo ake, atawatembenuza kuti akonze pabedi, anasanza kamodzi timadzi tochepa, manja ali pa chitenje, ndipo anamwino anabaya mankhwala achitatu m'diripi. Anagona mpaka kucha, ndipo m'mawa anapempha tiyi. Tsiku lotuluka tinabwerera kwa wogonetsa uja ndi pempho limodzi lomaliza, limene inunso musaliiwale: kuti alembe m'kabuku maina a mankhwala amene anagwiritsa ntchito ndi momwe wodwala anachitira. Analemba mizere itatu, ndipo achemwali anga anapinda ngodya ya tsambalo kuti lisadzavute kupeza.